Pusi Akasala Kudya Kuchipululu

Mwambi mukuufunsawu chiyambi chake n'chotere. Sendezani mipando, makamaka inu awiri amene mukupita ku koleji sabata yamawa, chifukwa aphunzitsi anu anakupusitsani. Iwo anakuuzani za kanyama ka mchira wautali kamene kankadumphadumpha mumtengo wa zipatso. Si zoona zimenezo. Mwini nkhaniyi analibe mchira, ankavala nsapato zoyera, ndipo kumene anakagwerako kulibe ndi mtengo womwe woti mbuzi n'kubisalapo dzuwa.

Dzina lake la ubatizo linali Sitefano Kambwiri, wa ku Bembeke m'boma la Dedza. Koma dzinalo linkagwira ntchito pa mapepala a mayeso pokha. Kuyambira ali wamng'ono aliyense ankamutchula kuti Pusi, chifukwa akakwera mumtengo wa mapichesi ankaluma pichesi kamodzi, n'kuona lina lofiira kuposa, n'kutaya loyambalo. Mutu wokha anali nawo wakuthwa. Masamu ankangowameza osatafuna, ndipo n'chifukwa chake anapeza mwayi wokaphunzira ku Amereka.

Kumeneko ankakhala chipinda chimodzi ndi anyamata ena awiri a konkuno. Wamkulu anali Gomezgani Harawa wa ku Rumphi, munthu woti asanagule sopo amayamba wawerenga zonse zolembedwa pa pepala lake. Iyeyu anali ndi galimoto yakale imene ankaisamala ngati mwana woyamba. Winayo anali Twaibu wa ku Namwera, Msilamu wofatsa wophunzira za madamu ndi mipope ya madzi, amene mowa ndi juga ankangozimvera kwa anthu.

Kumudzi kuno Pusi anasiya mtsikana womutomera, dzina lake Ndaziona, namwino, mwana wa bambo Chikuse, telala wa pamsika wa Lizulu. Chinkhoswe chinali chitachitika kale, ukwati unkangodikira kuti mnyamata abwere ndi digiri. Bambo Chikuse anali munthu wa mawu ochepa. Koma akazi awo, mayi Nangozo, ankalankhula za anthu awiri, ndipo ndiwo ankatsogolera amayi a mapemphero kutchalitchi kwawo. Zakale zija zoti mkamwini ndi apongozi amathawana panjira, iwo ankati n'zachikunja. Loweruka lililonse ankamuimbira Pusi foni ija yoonana nkhope, kuti aone ngati akunenepa, komanso ngati kumbuyo kwake kulibe mabotolo.

Tsiku lina Lachinayi, anyamata aja atangomaliza mayeso, Gomezgani anaponya mabuku pabedi.

"Amwene, mitu yatentha," iye anatero. "Loweruka tiyeni tikaone Las Vegas. Ndi maola asanu basi. Tikagona kamodzi, Lamulungu tabwerako."

"Kumzinda wa juga kuja?" anafunsa Twaibu. "Ine ndipita chifukwa pafupi pake pali damu lalikulu limene timaliphunzira m'kalasi. Zamakina anuzo musandiitane."

Pusi sanafunse kalikonse. Anali atayamba kale kupukuta nsapato.

Vuto linali limodzi lokha: foni ya apongozi. Choncho Lachisanu anayamba ndi iye kuimba.

"Mayi, mawa musavutike n'kuimba. Ndikupita kuchipululu ndi anzanga."

"Kuchipululu? Kukatani, bambo?"

Apatu Pusi akanatha kunena kuti akukaona damu, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma bodza linangotuluka lokha ngati kuyetsemula.

"Kukasala kudya, mayi. Masiku awiri. Tikufuna tikapempherere maphunziro ndi banja likubwerali."

M'fonimo munamveka nthungululu yoti Pusi anachita kuichotsa kukhutu.

"Abambo ake a Ndaziona, mwamva? Ana a eni ake akapita kunja amakalowerera, koma wathuyu akupita kuchipululu ngati Eliya!"

Bambo Chikuse anangoti "Hmm," makina osokera osaima.

"Ndiye tichite chonchi, bambo," anapitiriza mayi Nangozo. "Lamulungu madzulo ndisonkhanitsa amayi anzanga pakhomo pano. Tidzakuimbirani kuti timalizire limodzi kusalako."

"Palibe vuto, mayi," anayankha Pusi. Mumtima anati nthawi imeneyo ikamadzakwana adzapempha Gomezgani kuti atuluke naye mumzinda, adzagwada pamchenga mphindi zisanu, basi yatha.

Loweruka ananyamuka dzuwa likutuluka. Atadutsa mapiri, mitengo inayamba kuchepa mpaka inatheratu. Kunatsala mchenga, miyala ndi tizitsamba taminga, msewu utangoti tantha ngati chingwe choyanikapo zovala. Galimoto ya Gomezgani inalibe choziziritsira, ndiye mphepo yolowa pawindo inali ngati yochokera m'ng'anjo ya njerwa.

Kusala kudya kwa Pusi kunatha pamalo oyamba omwetsera mafuta. Analowa m'sitolo kuti akagule madzi, n'kutulukamo ndi nyama youmitsa, mtedza wokazinga, maswiti a mitundu itatu ndi chipewa chachikulu cha oweta ng'ombe. Nyamayo analuma kawiri n'kuiika pansi, chifukwa anaona kuti mtedza ukuoneka bwino. Mtedza anausiya ataona maswiti.

"Aise, sunayambe wamalizapo chinthu chimodzi pamoyo wako?" anafunsa Gomezgani, maso ali pamsewu.

"Akulu, dziko ndi lalikulu, pakamwa m'pamodzi. Ukakakamira chimodzi zina zikupita."

Atayenda ola lina, Pusi anakuwa kuti galimoto iime. Anatsika, n'kuvula chipewa, n'kupatsa Twaibu foni.

"Tandijambule nditagwada apa. Kumbuyoku kuoneke mchenga wokhawokha."

"Ine pabodza lako sindilowapo," anatero Twaibu, n'kupereka foniyo kwa Gomezgani.

Pusi anagwada. Mchengawo unali wotentha ngati chiwaya, moti nkhope yake inakwinyika yokha, misozi n'kulengeza m'maso. Chithunzicho chinatuluka bwino kwambiri. Gomezgani anali atangomuuza kuti ayambe wapukuta mchere wa mtedza pamilomo. Pusi anatumiza chithunzicho kwa apongozi ake. Pasanathe mphindi khumi yankho linafika kuchokera ku Lizulu: "Limbikani bambo. Ndaziona walira ataona."

Apa mtima wa Pusi unamuluma pang'ono, pakuti Ndaziona ankamukondadi. Anaganiza zomuimbira yekha n'kumuuza zoona. Koma nthawi yomweyo kutsogolo kunayamba kuoneka nyumba zazitali zonyezimira, zitamera pakati pa mchenga ngati bowa wa pachulu, ndipo maganizo aja anauluka pawindo.

Ana inu, mzinda umenewo anaumanga dala kuti munthu asamayang'ane chinthu chimodzi kawiri. Uku nsanja, uku madzi akuvina motsatira nyimbo, uku mtsinje wokumba m'kati mwa nyumba, mabwato akuyendamo. Pusi khosi linamuwawa asanafike n'komwe kuhotela. Twaibu anangosiya chikwama m'chipinda n'kukwera basi yopita kudamu lake. Gomezgani anayendayenda, n'kuikapo kandalama kamodzi m'makina a juga kuti adzakhale ndi chonena, kanadyedwa, iye n'kuseka, n'kupita kukasambira.

Koma Pusi! Anayamba ndi malo odyera amene umalipira pakhomo kamodzi kokha, kenako n'kudya mpaka mimba itakana yokha. Anadzaza mbale ndi nkhuku. Asanakhale pansi anaona nkhanu zamiyendo yaitali ngati mkono wa mwana, n'kusiya nkhuku. Nkhanu zinamuvuta kuswa, n'kuona munthu wovala chipewa choyera akudula nyama ya ng'ombe. Pamene ankatuluka, patebulo pake panali mbale zisanu ndi ziwiri, iliyonse yolumidwa pang'ono, ndipo wogwira ntchito wina anafunsa ngati anzake a patebulopo abwererenso.

Masana onsewo anali pamsewu. Anajambulitsa ndi atsikana ovala nthenga kumutu ngati atambala. Analowa pachionetsero cha munthu wamatsenga, n'kutuluka chisanathe chifukwa anamva ng'oma kutsidya kwa msewu. Pofika madzulo miyendo inali itatupa, ndipo anagona nsapato zili kuphazi, makina a juga asanawakhudze n'komwe.

Lamulungu m'mawa Gomezgani anamudzutsa.

"Tinyamuka ikamakwana leveni. Ine ndikukaona mafuta ndi matayala. Usapite patali."

"Ndingotsika pansipa kukamwa tiyi, akulu."

Tiyi anamwadi, ndipo anatuluka m'malo odyeramo ndi mwendo wa nkhuku atakulunga m'kapepala. Koma kuti munthu abwerere kuchipinda, njira yake inkadutsa pakati pa chipinda chachikulu cha juga. M'menemo mulibe windo, mulibe wotchi. Usiku ndi usana zimafanana. Pusi, katswiri wa masamu, ankadziwa bwino lomwe kuti ku Lizulu kukamada, ku Las Vegas kumakhala kudakali m'mawa. Koma atangoponda pakapeti yofewayo, masamu onse anatsalira pakhomo.

Anakhala pampando wautali wopanda chotsamira, kutsogolo kwa makina ojambulidwa zipatso. Ukaikamo ndalama n'kudina batani, zipatsozo zimazungulira, ndipo zikaima zofanana zokhazokha, wapambana. Anaikamo ndalama zimene anazivutikira potsuka mbale kukantini ya kusukulu. Anadina. Palibe. Anadinanso. Malalanje awiri ndi nthochi. Kachitatu makinawo analira pang'ono n'kumubwezera zochepa. Pusi anaseka yekha.

Pambali pake panaima mayi wina wachikulire wachizungu, watsitsi lopaka utoto wofiirira, chikwama chili m'khwapa.

"Mwana wanga," anatero m'Chingerezi, "makina amenewo ndakhala ndikuwadyetsa kuyambira dzulo. Ndinangopita kukatsuka m'maso. Ukatopa nawo undiuze."

"Sinditopa msanga, mayi," anayankha Pusi monyada.

Anadina kasanu, kasanu ndi kamodzi. Zipatso zinkabwera ziwiriziwiri, chachitatu n'kuphonya pang'ono pokha. Ndiye diso lake linagwera pa makina a kumanja kwake. Amenewo anali ndi njovu zagolide zokweza chitamba, ndipo magetsi ake ankathamanga mozungulira. Poyerekeza ndi njovuzo, malalanje aja anayamba kuoneka ngati a pamsika.

Anaganiza zosewera onse awiri. Anakokera mpando pakati, dzanja lamanzere pa zipatso, lamanja pa njovu, mwendo wa nkhuku atauluma pakamwa. Koma manja anamuchepera, ndipo pang'onopang'ono mpando unkasendera kunjovu, mpaka makina a zipatso anatsala okha. Mayi wachikulire uja anangokoka mpando wina n'kukhalapo.

Nthawi imeneyo ndi imene foni inayamba kunjenjemera m'thumba la malaya. Pusi anasuzumira n'kuona dzina: Apongozi. Anati aidule kaye, athamangire panja, akapeze khoma lopanda magetsi. Analowetsa chala chamafuta a nkhuku m'thumbamo n'kudina osayang'ana. Foni inasiya kunjenjemera. Pusi anapuma, n'kunena mumtima kuti adinako katatu kokha kenako atuluka.

Sanadziwe kuti chala chija chinatsetsereka. Sanaidule foniyo, anaiyankha.

Zimene zinkachitika ku Lizulu anadzazimva pambuyo pake. Pabalaza pa bambo Chikuse panali amayi khumi ndi awiri ovala zoyera, Ndaziona atagwira foni pakati pawo. Pafonipo pankangooneka mdima wa m'thumba, koma mawu ankamveka bwino: mabelu, malipenga, nyimbo zochokera mbali zonse.

"Mwamva mabeluwo?" ananong'ona mayi Nangozo. "Kuchipululu mabelu achokera kuti? Mwanayu kumwamba kwamutsegukira!"

Amayi aja anagwada.

Ku Las Vegas, Twaibu anali atatumidwa kudzamutenga Pusi. Anamupeza maso ali tong'o, thukuta lili kamukamu.

"Aise, a Harawa akudikira. Tiye."

"Dikira, Twaibu, taona! Taona zagolidezi! Zikubwera zitatu, zatsala pang'ono! Ichi chakoma, m'bale wanga, ichi chakoma!"

Ku Lizulu mayi Nangozo anakweza manja. "Akuona misewu yagolide! Aleluya!" Amayi onse anavomera, ena misozi ili mbwembwembwe. Ndaziona yekha ndi amene anakwinya nkhope, chifukwa mawu amenewo ankawadziwa. Ndi mawu omwe Pusi ankalankhula akafika pa chiwaya cha tchipisi.

Nthawi yomweyo kumbuyo kwa Pusi kunadutsa mtsikana woperekera zakumwa, atanyamula thireyi. M'nyumba zimenezo munthu ukamasewera amakupatsa zakumwa ulere, kuti usaganize zodzuka. Pathireyipo panali tambula yaitali ya chakumwa chobiriwira, pamwamba atabayapo kaambulera.

"Iii, ichinso chakoma!" anakuwa Pusi.

Sanafune kuchotsa dzanja lamanja pa njovu, kuopa kuti wina angamulande. Choncho anapendekera chammbuyo, mpando n'kuima ndi miyendo iwiri, dzanja lamanzere likufunafuna tambula ija. Zala zake zinali zitangoikhudza pamene kumanzere kwake kunaphulika phokoso loti nyumba yonse inatembenuka.

Mayi wachikulire uja anali atadina kamodzi kokha. Malalanje anaima mzere wathunthu, onse ofanana. Makina a zipatso ankalira ngati ambulansi, magetsi ofiira akuzungulira pamwamba pake, anthu akuthamangira kudzaona.

"Anga amenewo!" anakuwa Pusi m'Chichewa. "Ndinakhalapo ndine!"

Anafuna kugwira makina a zipatso. Sanafune kusiya tambula. Sanafunenso kusiya njovu. Manja anali awiri, zofuna zitatu, ndipo mpando unali ndi miyendo iwiri yokha pansi. Unagwedezeka kamodzi ngati ukuganiza, kenako unasankha.

Phiii! Pusi anagwa chagada, miyendo m'mwamba, nsapato zoyera zikupalasa mphepo. Thireyi yonse inamutsatira. Chakumwa chobiriwira chinamuthira kumaso, kaambulera kanakakamira m'tsitsi, mwendo wa nkhuku unagwera pachifuwa. Foni inatumphuka m'thumba n'kukatsamira mwendo wa mpando, maso ake atayang'ana mwini wake.

Pusi atatsegula maso anaona nkhope khumi ndi zinayi zitapanikizana pakagalasi kakang'ono. Kumbuyo kwake makina ankapitiriza kulira, mayi wachikulire akuvina ndi chikwama chake.

"Sitefano," anatero Ndaziona. Chiyambire chibwenzi chawo anali asanamutchulepo dzina limenelo. "Chipululu chake n'chimenechi?"

Pusi anatsegula pakamwa. Bodza limene linkabwera lokha lija ulendo uno silinabwere.

"Chili panja," anayankha motsitsa. "Mukangotuluka mumzindamu."

"Nanga pachifuwapo n'chiyani, bambo?" anafunsa mayi Nangozo.

Pusi anayang'ana mwendo wa nkhuku uja. Twaibu, amene anali asananamepo chibadwire, anawerama n'kulowetsa nkhope yake pafonipo mwaulemu.

"Ndi nkhuku, mayi. Mwaswera bwanji?"

Foni inaduka.

Alonda a panyumbapo anamudzutsa, n'kumufunsa ngati akufuna dokotala. Iye anati akufuna makina ake. Anamufotokozera mofatsa kuti makina ndi a amene wakhalapo. Mayi wachikulire uja anamusisita paphewa, n'kumuuza kuti ali ndi dzanja labwino lotenthetsera makina, ndipo akadzabweranso adzamufunefune.

Ulendo wobwerera unali wautali kuposa wopita. Msana unamugwira moti sankatha kukhala tsonga, ndiye anamugoneka chagada pampando wakumbuyo, miyendo itatulukira pawindo. Maola asanu onse ankangoona denga la galimoto. Anayesa kuimbira Ndaziona kakhumi, foni inkangoitana. Gomezgani anayesetsa kudzigwira mpaka pamalo omwetsera mafuta paja, pamene anatembenuka n'kufunsa ngati wodwalayo akufuna mtedza. Anaseka mpaka anaimitsa galimoto pambali pa msewu. Pusi sanaseke. Kwa nthawi yoyamba pamoyo wake ankaganizira chinthu chimodzi chokha, koma chinthucho sichinkayankha foni.

Patapita masabata awiri, ankhoswe a mbali zonse anakumana ku Lizulu. Ndaziona anali atanena kale mawu ake. Anati za juga akanatha kukhululuka, za nkhuku akanatha kuseka, koma iye analira misozi yeniyeni ataona chithunzi cha pamchenga chija, ndipo misozi imeneyo sangaibweze m'maso. Mphete anaiika m'envulopu n'kuipereka kwa nkhoswe wake.

Nkhoswe wa kwa Kambwiri, bambo wachikulire amene anayenda ulendo wonse kuchokera ku Bembeke osadziwa bwino chimene chachitika, anapempha kuti amufotokozere kuyambira pachiyambi. Mayi Nangozo anayamba, koma atafika pa mabelu a kumwamba mawu anawathera, n'kudziphimba kumaso ndi chitenje. Wina anayesa kupitiriza, n'kusokoneza njovu ndi malalanje. Nkhosweyo anangoti kukamwa yasa.

"Pepani, ine sindikumvabe," iye anatero. "Mwana wathuyu kwenikweni chinamuchitikira n'chiyani?"

Onse anayang'ana bambo Chikuse, amene tsiku lonselo anali asanalankhule, akungosoka batani la malaya a munthu wina. Anamaliza kusokako, analuma ulusi n'kuudula, anabaya singano pakolala ya malaya awo. Kenako anakweza maso.

"Nkhaniyi ndi yaifupi, achimwene," anatero. "Ichi chakoma, ichi chakoma, Pusi anagwa chagada."